DAMBWE NDI SUKULU: MBIRI YA MKANGANO WA NYAU NDI AMISHONI

Munthu wocokera ku Katete kapena ku Chadiza amene agwira nchito pa mgodi wa Nkana, wa Mufulira kapena wa Nchanga, akalandira uthenga wakuti atsibweni ace amwalira, amapempha chuthi nakwera basi ya kum'mawa. Pofika pa mudzi nthawi zina apeza abale atagawikana pawiri. Ena afuna kuti akulu a mpingo aimbe nyimbo ndi kuwerenga Mau pa manda. Ena akuti womwalirayo anali wometa, tsono sangapite ku manda popanda ng'oma ndi zilombo zomperekeza. Mkangano wotere suli wa lero ai. Unayamba masiku a makolo, pamene amishoni oyamba anafika m'dziko la Acewa, ndipo munthu wodziwa ciyambi cace sadzafulumira kunena mbale wace kuti ndi wamdima, kapena kuti ndi wotaya mwambo.

Amishoni Asanafike

Acewa akale sanali anthu osadziwa Mulungu. Anali kumchula Cauta, Namalenga, Mphambe kapena Cisumphi, ndipo anali kunena kuti anthu oyamba pamodzi ndi nyama anatsikira pa thanthwe la Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Mvula ikakana, mafumu anali kutumiza mitulo ku kacisi wa ku Msinja, kumene kunali Makewana, mai wa ana onse, wopempha mvula m'malo mwa dziko lonse. Pa mudzi napo panali mizimu ya makolo, yolandira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo wa msolo.

Koma cimene cinamanga mudzi wa Mcewa koposa zonse cinali gule wamkulu, ndiye nyau. Mfumu ya mudzi inali kulandira mzinda kwa mfumu yaikulu, ndiko kuti ufulu wakukhala ndi bwalo ndi dambwe. Mnyamata akasinkhuka anali kulowa ku dambwe kukalangidwa: kuopa akulu, kusalowa kucipinda kwa amace, kupirira zowawa ndi kusunga cinsinsi. Mtsikana akatha msinkhu anali kulangidwa ndi anamkungwi, ndipo pa cinamwali cacikulu zilombo zinali kutuluka pa bwalo. Munthu wometa akamwalira nyau zinali kumperekeza. Ndiponso itapita miyezi, pa tsiku la mpalo, Kasiyamaliro anali kudza usiku kuti mzimu ucoke pa mudzi, ukakhale pamodzi ndi makolo. Za ku dambwe saulula, ndipo nkhani ino siziulula. Cofunika kudziwa ncakuti kwa eni ace nyau sizinali masewera. Iwo amati gule ndi pemphero lalikulu.

Nkhondo ya Angoni

Mdani woyamba wa nyau sanali Mzungu. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo ca m'ma 1870 Mpezeni anali atakhazikika m'dziko m'mene lero muli tauni ya Chipata, pamene Angoni a kwa Maseko anakhala ca ku Dedza ndi ku Ntcheu. Nkhondo zao, pamodzi ndi za ogula akapolo, zinabalalitsa midzi. Kacisi wa ku Msinja anapasuka, Acewa ambiri anathawira m'mapiri ndi m'malinga, ndipo ogwidwa analeredwa m'mwambo wa cishango ndi nthungo, m'mene nyau zinalibe malo. Komabe gule sanafe. Kacisi ali ndi malo amodzi, adani akhoza kumtentha. Koma nyau zinalibe likulu kapena mkulu mmodzi. Dambwe liri lonse linali lodziimira lokha, tsono kuzimitsa limodzi sikunali kuzimitsa onse. M'mapanga a ku Chongoni, pafupi ndi Dedza, zikaonekabe zithunzi zoyera za zilombo za nyau zolembedwa pa miyala.

Mphamvu ya Angoni inathyoka pamene asilikari a Angerezi anapha Gomani m'caka ca 1896, ndi pamene anagonjetsa Mpezeni kuciyambi kwa 1898, naombera mwana wace Nsingo. Acewa anatsika m'mapiri, namanganso midzi, nasema ng'oma, ndipo mafumu ao anayamba kuukitsa mizinda, kuti aonetse kuti dziko lidakali ndi eni ace. Tsono zaka zomwezo zimene nyau zinali kuuka ndizo zaka zimene masukulu a mishoni anali kufalikira. Njira ziwirizi zinakomana pa bwalo limodzi.

Kufika kwa Amishoni

A mpingo wa Dutch Reformed ocokera ku South Africa anatsegula Mvera m'caka ca 1889, m'dziko la mfumu ya Cingoni Chiwere. Otsogolera anali A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok. Panatsata Kongwe mu 1894, ndi Nkhoma mu 1896, kumene mfumu Mazengera inawalandira. Mbali ya kuno ku Zambia anayamba pa Magwero mu 1899, nafika ku Madzimoyo mu 1903, ku Nyanje mu 1905 ndi ku Nsadzu mu 1908. Ansembe Acikatolika ochedwa White Fathers anamanga Mua mu 1902, Likuni ndi Kachebere mu 1903. Kachebere ali pa malire penipeni, pafupi ndi Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero.

Poyamba mafumu ambiri anawalandira bwino. Mlendoyo anadza ndi mankhwala a zilonda, anali kulipira anchito ndi nsalu ndi mcere, ndiponso kukhala pafupi ndi Mzungu kunali cishango pa adani. Koma cida ceniceni ca mishoni cinali sukulu ya pa mudzi: kanyumba ka udzu, bolodi, ndi mphunzitsi wakuda mmodzi. M'kanyumba komweko ana anali kuphunzira a, e, i, o, u pakati pa sabata, ndipo tsiku la Sabata munali mapemphero. Wodziwa kuwerenga anali kulowa kalasi ya ubatizo, ndipo asanabatizidwe anayenera kulonjeza kuti waleka nsembe za mizimu, maula, mitala ndi nyau.

Amishoni anaona gule ndi maso a kwao. Anaona zilombo zina zikubvina zitadzola matope, zopanda cobvala ceniceni. Anamva nyimbo zotukwana zikuimbidwa pamaso pa akazi ndi ana. Anamva za anyamata okwapulidwa ku manda, ndi za anthu osameta othamangitsidwa m'njira ndi zikoti. Zina mwa izi zinali zoona, ndipo mbiri siyenera kuzibisa. Koma ocepa okha anafunsa tanthauzo la zimene anaona. Ambiri anagamula kuti zonse ndi nchito ya Satana, ndipo kuyambira pamenepo mau akuti "akunja" ndi "amdima" anakhazikika m'cinenero ca pa mudzi.

Nao mafumu a midzi anaona sukulu ndi maso a kwao. Kwa Acewa mwana ndi wa mbumba ya amace, womyang'anira ndi mtsibweni wace, ndipo mkamwini ndi mlendo pa mudzi. Mishoni inaphunzitsa kuti mutu wa banja ndi bambo, kuti mwamuna akhale ndi mkazi mmodzi, ndi kuti kulowa cokolo nkoipa. Mphunzitsi, amene kawiri-kawiri anali mnyamata wocokera kwina, anayamba kuweruza za maukwati a Akristu ndi kuuza ana zoyenera kucita ndi zosayenera. Mfumu inazindikira kuti mwana wa sukulu sadzalowa ku dambwe, ndipo wosalowa ku dambwe sadzagwada pa bwalo lace. Mawa lace sipadzakhala womuika iye mwini monga mwa mwambo. Akale anati m'mera mpoyamba. Mbali zonse ziwiri zinaudziwa mwambi umenewu, ndipo cifukwa cace nkhondo yeniyeni inagwa pa ana.

Kulimbirana Ana ndi Maliro

Mkanganowu unakula koposa m'zaka za m'ma 1920, makamaka m'cigawo capakati ca Nyasaland. M'mabuku a tsiku ndi tsiku amene ansembe a ku Mua anali kulemba muli madandaulo ambiri a masukulu osowa ana nyengo ya gule. Kale mnyamata anali kulowa ku dambwe atakula. Tsopano akulu anayamba kulowetsa ndi ana ang'ono omwe, kuti mphunzitsi pofika apeze atameta kale. Amishoni nao anafulumira kutsegula masukulu m'mudzi uli wonse umene mfumu inabvomera. Panali aphunzitsi oopsedwa ndi omenyedwa. Panalinso Akristu olowa ku dambwe mwamphamvu, kulanda za kumeneko ndi kuzitentha kapena kuzionetsa poyera, cimene kwa Mcewa ndi mwano woposa wina uli wonse. Mwana mmodzi yemweyo anali kuuzidwa m'mawa kuti za atsibweni ace ndi za ku moto, ndipo madzulo anali kuuzidwa kuti za mphunzitsi wace ndi za alendo olanda dziko.

Pa maliro mpamene mtima unawawa koposa. Nkhalamba ikabatizidwa iri pafupi kufa, Akristu anali kunena kuti mtembo ndi wao. A ku dambwe nao anali kunena kuti munthuyo anameta kale, ndipo akapanda kuperekezedwa mzimu wace udzabvuta mbumba ndi maloto ndi matenda. Mkristu wopezeka akuonerera gule pa maliro a mbale wace anali kuimitsidwa ku Mgonero, kapena kudulidwa mu mpingo. Wokana kupitako anali kunenedwa kuti wataya abale, nafunsidwa kuti adzamuika ndani. M'malo ena Akristu anapatuka namanga midzi yao pafupi ndi mishoni, nakhala ndi manda ao-ao. Motero abale a bere limodzi anagona m'manda awiri.

Mbali ya Boma

Amishoni anapempha Boma kawiri-kawiri kuti liletse nyau ndi lamulo, koma Boma la Nyasaland silinabvomere kuletsa kotheratu. Sikuti mabwana a Boma anakonda gule ai. Iwo anafuna msonkho, anchito ndi bata, ndipo zonsezi zinali kudzera mwa mafumu, amene ambiri a iwo anali eni mizinda. Pamene ulamuliro wodzera mwa mafumu unakhazikitsidwa ndi lamulo, mu 1929 ku Northern Rhodesia ndi mu 1933 ku Nyasaland, kunali kobvuta kuti Bwana D.C. adalire mfumu pa msonkho, nailandenso bwalo lace. Cimene mabwanawo anacita ndico kuweruza milandu umodzi-umodzi: kulanga omenya anzao ndi kudzudzula okakamiza ana a sukulu. Cotsatira cace cinali cakuti mudzi uli wonse unayenda monga mwa mtima wa mfumu yace. Kumene mfumu inali Mkristu, kapena Mngoni wosasamala za nyau, gule anathawira ku chire ndi ku mdima wa usiku. Kumene inali mwini mzinda wolimba, sukulu ndiyo inafota.

Simoni ndi Maliya

Nyau zinali ndi cida cina cimene lamulo silikadatha kucigwira, ndico kuseka. Pa bwalo panatuluka zilombo zatsopano. Panadza Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, wotenga dzina la Simoni Petro. Panadza Maliya ndi Yosefe. Panadza ndi Galimoto yemwe. A ku mishoni anaona ngati mwano, ndipo mwano unalimo ndithu. Koma munalinso nzeru yakale ya gule. Ciri conse cacilendo cofika m'dziko, kaya Mngoni wa nthungo, kaya wogula akapolo, kaya Bwana wa msonkho, nyau zimacitenga ndi kucibvinitsa pa bwalo, kuti mudzi ucione, uciseke, ndi kuleka kuciopa. Cimene cabvina pa bwalo calowa pansi pa mwini mzinda.

Mishoni nayo inatengako kanthu kwa amene inali kulimbana nao. Pomasulira Baibulo, amene anatuluka wathunthu mu 1922 ndi dzina lakuti Buku Lopatulika, W. H. Murray ndi anzace anagwiritsa nchito mau omwe aja a makolo: Mulungu, mzimu, nsembe, kacisi. Akazi Acikristu sanabvomere kuti mtsikana akule wosalangidwa, tsono mpingo wa Dutch unakhazikitsa cilangizo, nuika alangizi m'malo mwa anamkungwi. Ndipo anthu akuda atayamba kudzozedwa ubusa, monga Justo Mwale amene anadzozedwa ku Madzimoyo mu 1929, milandu ya mwambo inayamba kuweruzidwa ndi anthu odziwa bwalo ndi mpingo womwe. Abusa amenewa sanabvomereze nyau ai. Koma kukana kwao kunali kwa mwana wa pa mudzi, kosati kwa mlendo. Mmodzi wa aphunzitsi a mishoni ya Dutch, S. J. Ntara, ndiye anayenda kufunsa nkhalamba nalemba Mbiri ya Acewa, kuti ana a sukulu adziwe kumene anacokera.

Pa Ulendo wa ku Migodi

Mbali zonse ziwiri zinataya kanthu pa mkanganowu. Midzi yokana sukulu inasunga mwambo, koma ana ace anatsalira m'maphunziro. Ndipo pamene nchito za ukalaliki, ukapitao ndi uphunzitsi zinapezeka, zinagwera ana a mishoni ndi a mitundu ina. Ana a mishoni anapeza cholembera ndi malipiro, koma ambiri a iwo anasanduka alendo pa maliro a kwao. Msonkho, ndi kucepa kwa minda makamaka ca ku Fort Jameson kumene kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu, zinatumiza onse awiri pa ulendo umodzi: ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ku Johannesburg, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Kumeneko wometa ndi wobatizidwa anagona m'komboni imodzi, natsika pansi pa mgodi umodzi.

Gule anapita nao. Kufikira lero m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe nyau zibvinidwa pakati pa zidzukulu za anthu amene anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo Ashona azichula zvigure. Mpingo nao unawatsata: Vlok yemwe uja wa ku Mvera anatumidwa ku Salisbury mu 1912 kukaweta Akristu ocokera ku Nyasaland. Kutali ndi kwao, munthu akafa pa ngozi kapena ndi matenda, panalibe mbumba yomlirira koma anzace a cinenero cimodzi, ndipo ambiri anayamba kuona kuti cimene ciwagwirizanitsa ncacikulu koposa cimene cinawagawa.

Masiku a Ufulu

Zambia ndi Malawi atalandira ufulu mu 1964, zinthu zinatembenuka. Gule amene anali kunyozedwa anayamba kuitanidwa pa misonkhano ndi pa zikondwerero za Boma. Mpingo wa Katolika, utatha msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, unalola cinenero ca anthu m'Misa, ndipo ng'oma zinalowa m'chalichi. Pa Mua pomwe paja, pamene mkangano unali woopsa, wansembe wa ku Canada Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, osungiramo ndi kufotokozeramo mwambo wa Acewa, Angoni ndi Ayao. Mu 1984 mwambo wa Kulamba unaukanso, ndipo mwezi wa August mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, zilombo za midzi yambiri zikubvina. Baibulo watsopano wa 1998, Buku Loyera, analemba dzina lakale lija la Cauta pamene Buku Lopatulika linalemba Yehova. Ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linawerengera gule wamkulu pakati pa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu onse a pa dziko lapansi.

Koma sikuti mlandu unatha. Mipingo yambiri iletsabe anthu ace kulowa nyau, ndipo mafumu ndi aphunzitsi akambiranabe za ana opita ku dambwe nyengo ya sukulu. Cimene mbiri ionetsa ncakuti palibe mbali imene inagonjetsa inzace. Amishoni anayesa kuti nyau zidzatha ndi mbadwo umodzi, ndipo sizinathe. Eni mizinda anayesa kuti sukulu idzacoka pamodzi ndi Azungu, ndipo Azungu atacoka sukulu ndi mpingo zinatsala m'manja mwa Acewa eni ace. Cikristu sicirinso cipembedzo ca alendo, ndipo gule salinso cinthu cobisa kwa Boma. Zonse ziwiri ziri m'banja limodzi, nthawi zina mu mtima wa munthu mmodzi.

Tsono munthu wa ku mgodi uja, akatsika basi napeza abale atagawikana, akumbukire kuti mkangano umene waupeza ndi wa zaka zoposa 100, ndi kuti sanauyambe ndi amene akhala pa mphasa tsiku limenelo. A mpingo ndi a ku dambwe onse afuna cinthu cimodzi: kuti womwalira apite bwino, ndi kuti otsala akhale mu mtendere. Pa midzi ina akulu anapeza njira yace, yakuti cimene womwalirayo anasankha ali moyo ndico citsatidwe, ndipo a mbali inayo adze kudzakhuza, kukumba manda ndi kusenza bokosi. Njira imeneyi sinacokere ku Boma kapena ku mishoni. Inacokera m'mau a akale, akuti maliro nkulirana.